Kopolo Merv wakana kudya

Lolemba, 7 Ogasiti

Leanne waimba m'mawa, ati bambo ake asiyiratu kudya. Merv! Kopolo wanga wa kunkhondo ya ku Vietnam, munthu amene ankanyambita chitini mpaka kuwala. Ndathamangira kunyumba ya okalamba kuja kukadzionera ndekha. Lamba wafika pa bowo lomaliza. Sanandizindikire, koma zimenezo n'zakale, mutu unasokonekera chaka chatha.

Chandipsetsa mtima ndi zomwe akumupatsa. Nyama yopera ngati phala, china chobiriwira, china chachikasu, zonse m'mbale ya pulasitiki. Amukhazika patebulo ndi madala anzake, amupatsa iye poyamba poti amachedwa, iye n'kukankhira mbale kwa wapambali. Inenso ndikanakankha. Galu wanga sanganunkhize n'komwe.

Dokotala wati akapanda kudya pofika Lachiwiri la sabata yamawa, amuika paipi yodyetsera m'mimba, Leanne akangovomera. Paipi! Merv anatilumbiritsa tonse ku kilabu ya asilikali akale, mowa uli m'manja, kuti zamapaipi pa iye ayi.

Lachiwiri, 8 Ogasiti

Ndamasula Fred ku makiyi anga. Ndilo dzina la kachitsulo kotsegulira zitini kamene boma linkatiikira m'phukusi la chakudya cha kutchire, uku kampeni kopinda, uku kasupuni. Pa zonse zomwe boma linatipatsa, chokhacho ndicho chinkagwira ntchito. Nsapato zinkawola, mabisiketi ankathyola mano, tchizi cha m'chitini ngati sopo. Koma tinkadya, titakhala m'matope, mvula ikugwera m'chitini momwemo. Merv ankasinthanitsa fodya wake ndi mapichesi a Achimereka, n'kutigawira.

Munthu wotere sadyera m'pulasitiki, ndi pomwe pagona nkhani. Ndagula chitini cha nyama ndi ziwiri za mapichesi.

Lachinayi, 10 Ogasiti

Zopusa zokhazokha! Pakhomo ndakumana ndi Binita, namwino wa mbali ya Merv, kamtsikana kaulemu mpaka kukwiyitsa. Waona zitini m'jumbo.

"Bambo Noel, zakuthwa sizilowa kuno. Ndiponso nyamayo ingawatsamwe."

Ndati, "Mwana iwe, kachitsulo aka kadyetsa anthu ambiri kuposa khitchini yanu yonseyo."

Ati, "Ndamva bambo, komabe sikalowa."

Asa! Anatipatsa mfuti tili anyamata osameta ndevu, lero akutiopera chotsegulira chitini. Ndalalata mpaka madala ena kusuzumira m'makomo. Madzulo Leanne pafoni: "Ankolo, mukundichititsa manyazi. Anthu aja ndi amene amasambitsa bambo anga, inu mumangobwera kudzakalipa." Ndamuuza kuti akawaika paipi asadzandiitane kumaliro. Wadula foni. Adule.

Lachisanu, 11 Ogasiti

Sindinapite. Nyama ija ndatsegula n'kudya ndekha chiimire pa sinki. Kuipa kwake n'komwe kuja.

Loweruka, 12 Ogasiti

Fred mu sokosi, mapichesi m'thumba la jekete. Ndadutsa pakhomo ndikumwetulira ngati m'busa. Kuchipinda ndatseka chitseko, ndatsegula chitini, ndamuika m'manja. Wanunkhiza. Maso awala, ndaona ndithu, sindikunama. Mtima wanga uli apa tathana nazo.

Wandibwezera chitini.

Ndamupatsanso, wabwezanso. Ndamufikitsa supuni pakamwa, wafumbata milomo n'kuyang'ana kukhoma. Pamenepo zandikwana. "Idya, mbuzi iwe! Ukufuna akuboole mimba? Ine ndakangana ndi dziko lonse chifukwa cha iwe!" Ndamugwedeza phewa, mafupa okhaokha. Binita walowa, wandiyang'ana, wayang'ana chitini, wangonditsegulira chitseko. Bola akanandikalipira.

Ndakhala m'galimoto osailiza. Ndakwiyira Merv, ndamukwiyira zedi. Iye akuzemba pang'onopang'ono, kundisiyira ine zonse zija kuti ndizizikumbuka ndekha.

Lamulungu, 13 Ogasiti

Leanne wabwera kunyumba, maso otupa. Sanakhale pansi.

"Lachiwiri ndivomera, ankolo. Lumbiro lanu la ku kilabu ine kunalibe. Mukufuna ndizingowaonerera akufa ndi njala?"

Zandikwiyitsa kwambiri. Potuluka wati Binita wamuuza za kuwala kwa maso a Merv kuja, kuti nayenso anaona posuzumira pazenera. Ati mawa masana ndibwere ndi zitini zangazo poyera, pakhonde, onse awiri alipo. Zikakanika nditseke pakamwa mpaka kalekale. Ndavomera. Ndikanatani?

Lolemba, 14 Ogasiti

Pakhonde, anthu anayi kuzungulira katebulo. Zala zanga zanyamakazi zakanika kulumitsa Fred pamlomo wa chitini, mwina chifukwa cha maso a akazi awiri aja. Ndatukwana. Merv watambasula dzanja n'kundilanda.

"Bweretsa kuno, sunadziwepo ntchito iwe."

Mawu oyamba kundiyankhula chaka chino, ndipo ndi chipongwe! Munthu wosadziwa dzina la mwana wake, koma chala chachikulu chikungoyenda kwe kwe kwe kuzungulira chitini, chivundikiro n'kuchipindira kumbuyo bwinobwino kuti chisacheke munthu. Wapukuta kasupuni pa malaya. Wandipatsa chitini n'kundiyang'anitsitsa.

Loweruka ndinamubwezera. Lero, kaya chifukwa chiyani, ndadya chidutswa. Wagwedeza mutu, walozera Binita ndi chibwano. Binita wadya. Walozera Leanne. Apo m'pamene zandilowa m'mutu, ine chitsiru cha munthu. Kutchire kopolo sadya anyamata ake asanadye. Chitini chimazungulira kaye, iye amatsiriza. Iwo akhala akumupatsa mbale poyamba, ine ndakhala ndikumukakamiza supuni poyamba. Nkhani sinali pulasitiki ayi.

Binita waphwanya zotsalazo tizidutswa ting'onoting'ono, chitini chabwerera kwa mwini wake. Wanyamula supuni. Kenako waiimitsa m'malere, wayang'ana uku ndi uku, akuwerenga mitu.

"Enzo ali kuti? Enzo sanadye."

Enzo Fabris, mnyamata wa kuminda ya nzimbe ku Ingham, wamng'ono pa tonse m'gulu lathu. Anaponda bomba lokwirira mu 1969, m'mawa, tisanadye. Merv ndiye anamunyamula mpaka pa helikopita, koma sanapulumuke. Leanne wandiyang'ana, dzinalo sanalimvepo chibadwire. Ine mkwiyo wa zaka zonsezi wandikwera mpaka m'makutu, koma wokalipira palibe.

Ndati, "Wadya kale, a Kopolo. Ali pa ulonda."

"Wamuona ndi maso ako?"

"Ndamuona. Watha chitini chonse, mbala ija."

Waseka pang'ono. "Mwana uja ndi mapichesi." Supuni yalowa m'kamwa. Ina. Inanso. Madzi ake wamwera m'chitini momwemo, akutsikira pachibwano, Leanne akulira osapukuta.

Binita wandiperekeza mpaka pakhomo. Ati chakudya chamadzulo chimabwera faifi koloko, awauza akukhitchini kuti a Merv azilandira pomaliza. Kenako wandifunsa kuti Merv akamufunsa iyeyo za Enzo, ine kulibe, aziyankha kuti chiyani.

Ndamuuza kuti asayerekeze. Za Enzo ndiziyankha ndine. Faifi koloko ndibwera.