Mbiri Yabodza ya Agogo a Nangozo

Nsipe,
Ntcheu.
14 Juni, 2024

Okondedwa achimwene a Cosmas,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Joni pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chafika ndi ukali.

Mwandifunsa katatu konse kuti ndikutumizireni mbiri imene ndinawerenga pa maliro a agogo, kuti musankhemo mawu olemba pa chiliza. Katatu konse ndakhala ndikunamizira netiweki. Achimwene, netiweki ilibe mlandu. Pepalalo lilipo, lili m'Baibulo langa, koma ndikuchita nalo manyazi. Pa foni sindingathe kukufotokozerani, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Inu mukudziwa kuti agogo anagwira ntchito ku mochale zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi ntchito imeneyo imene inatilera amayi atamwalira. Mukukumbuka kachikwama kawo kokhala ndi chipeso, mafuta odzola ndi nsalu yakale yofunditsa maliro osowa abale? Tsiku lina ndinawatengera chakudya, ndipo ndili pakhomo ndinawamva akuti, "Pepani bambo, madziwa akuzizira, koma tifulumira." Ndinasuzumira kuti ndione amene amayankhula naye. Munalibe wamoyo wina koma iwo okha.

Ine ntchitoyi inkandinyansa. Ku sekondale ndinkati agogo anga ndi namwino, ndipo bodzalo linakula nane mpaka ndinaliuza Allan, chibwenzi changa, iye n'kukaliuza makolo ake ku Lilongwe. Ndiye pa maliro mayi ake a Allan anabwera, atatchena, n'kukhala pafupi ndi ine. Amalume atandipatsa ntchito yowerenga mbiri, poti ndine mphunzitsi, ndinaimirira n'kunena mosaphethira kuti malemu Lufina Nangozo anali namwino pa chipatala. Anthu a m'mudzi anangoyang'ana pansi. Mayi Sellina, amene ankagwira nawo ntchito aja, anakoka mpango n'kuphimba kumaso. Palibe ananditsutsa, si mukudziwa kuti pa maliro sakanganirapo.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti ndi bodza chabe. Koma tisananyamuke kupita kumanda, panafika bambo wina wachikulire, atatsika pa kabaza ndi thumba la mbatatesi la chipepeso. Anamva mbiri yonse ali chiimire kumbuyo. Kenaka anabwera, n'kunjuta patsogolo panga chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi," anatero, "ine ndachokera ku Lizulu. Ndimafuna maliro a mayi Lufina a ku mochale, koma pano ndamva kuti ndi a namwino. Kaya ndasokera?"

Mayi ake a Allan anatembenuka kundiyang'ana. Achimwene, pakamwa panga pomwepa panatuluka mawu akuti, "Mwasokera, bambo."

Anapepesa, anasenza thumba lake, n'kubwerera ku msewu. Ine ndinapita kumanda n'kukaponya dothi ngati munthu.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinandikomerenso. Loweruka lapitali ndinalimba mtima n'kukwera minibasi ya ku Lizulu. Ndinafunsa mzere wonse wa ogulitsa mbatatesi mpaka ndinawapeza. Dzina lawo ndi a Yoramu. Anandizindikira msanga, n'kundipatsa chidebe kuti ndikhalire.

Anandiuza kuti mwana wawo wamwamuna anafa pa ngozi ya lole zaka zambiri zapitazo, ndipo nkhope inawonongeka moti achibale anagwirizana kuti bokosi lisatsegulidwe. Ku mochale agogo anawauza kuti adikire panja. Agogowo anakhala m'katimo akukonza nkhopeyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osadya, ndipo potuluka anati, "Kaitaneni mayi ake, adzamuone mwana wawo." Mayiyo anamuona, namutchula dzina.

"Tsiku munandibweza lija ndinazungulira midzi itatu kufunafuna maliro a mayi Lufina," anatero a Yoramu. "Ndinafika kunyumba ndi thumba langa, akazi anga n'kundikalipira kuti ndine wosalongosoka. Ndiye mwati munali pomwe paja?"

Ndinati eya, munali pomwe paja, ndipo ine ndine mdzukulu wawo. Ndinalira pakati pa msika, anthu akuona. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwandimana kuwaika, mwana wanga. Basi, mudzandionetse pamene agona."

Ndawalonjeza kuti abwere tsiku la chiliza, mu Seputembala. Ndapemphanso amalume kuti tsikulo andilole kuwerenganso mbiri, yoona tsopano, pamaso pa anthu omwe aja. Amalume anangoti, "Wachedwa nazo, koma bola."

Allan ndinamuuza Lamulungu. Anati ntchito ya agogo alibe nayo vuto, koma sakudziwa kuti munthu wothamangitsa nkhalamba pa maliro angamukhulupirire bwanji. Akuti akufuna aganize kaye. Mpaka lero sanaimbe. Choncho suti ya ukwati imene munkanena ija musafulumire kugula.

Tsono za chiliza, pepala lija sindikutumizirani. Ndikupempha kuti mulembetse chonchi: Lufina Nangozo, anatumikira ku mochale zaka 27. Ngati wozokota anganene kuti mawu ena ndi osayenera pa mwala, mumuuze kuti eni ake tafuna choncho.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Amalume akupereka moni, nawonso mayi Sellina, amene dzulo anandiyankha moni wanga koyamba chichitikire maliro. A Yoramu akuti ndikupatseni moni ngakhale sakukudziwani, akuti mwana woleredwa ndi manja aja ndi m'bale wawo. Ananena zimenezi akuyang'ana ine, ndipo ndinasowa poika nkhope.

Ngati mwakwiya nane, kwiyani, muli ndi chifukwa. Koma mu Seputembala mubwere ndithu, mudzaime pambali panga powerenga, chifukwa ndekha sindidzakwanitsa.

Ndine mlongo wanu,
Tawina