Kapu Yanga ku Nchalo

Lachinayi. Kwatentha, ndipo mtima wanga walemera.

Ndinanyamuka m'mamawa kwathu ku Mlolo kukafuna bambo a Chifundo, amene anapita kukadula nzimbe ku Nchalo chaka chatha osabweranso. Nditawoloka Shire ndinagula tiyi pa Bangula, koma anali wa madzi amchere a pamjigo. Ndinangolawa n'kusiya.

Ku Nchalo anthu anandilozera nyumba yawo. Ndinapezapo mayi wachitsikana, woyembekezera. Sanandifunse n'komwe kuti ndine yani. Anandiyalira mphasa nati, "Mayi, mwatopa. Yambani mwamwa kaye tiyi, tikamba pambuyo."

Anali tiyi wamkaka, wa madzi abwino, wothira tsamba la ndimu monga amakondera bambowo. Kapuyo ndinaizindikira. Ndi yanga, yobenthuka pamlomo, imene ndinawalongedzera ndekha tsiku limene ankanyamuka.

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anandithawa. Ndinamwa tiyi yense, ndinathokoza, n'kuchoka bambowo asanaweruke kuntchito.

Akanakhala tiyi woipa, bwenzi ndikudzinamizabe kuti adzabwerera. Koma mwamuna amene akumwa tiyi wotere tsiku lililonse...