Bwera Udzavule Zakuda, Casilda

San Mateo de Tocorani
27 Ogasiti 1996

Wokondedwa mng'ono wanga Casilda,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Buenos Aires, pamodzi ndi mlamu wanga Efraín ndi ana. Chifuwa chija chinakusiya? Nanga maso, ndi kusoka kosapuma kumeneko, sakuwawabe? Kuno tilipo. Bambo miyendo imawatupa madzulo, koma akudya bwino. Mwamuna wanga Ciprián ali bwino. Mwana wanga Delina alipo, za iye ndinena kutsogoloku. Chisanu chachepa, ndipo mapichesi a kuseri kwa nyumba ayamba maluwa.

Kalatayi ndapatsira a Primitiva, amene akukwera basi mawa kudzagula katundu wawo kumeneko. Ndawapempha kuti aipereke m'manja mwako, asasiyire munthu wina aliyense. Uiwerenge uli wekha.

Pa foni paja unati mwambo wovula zakuda za maliro a Amayi tiusunthire mu Disembala, pamene abwana ako amatseka malo osokerawo. Ine ndinangoti ndamva, chifukwa kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, aliyense khutu lili kwa ine. Zimene ndinalephera kunena pamenepo ndi izi.

Chaka cha Amayi chikukwana pa 21 Seputembala, Loweruka. Ukudziwa kuti limeneli ndi tsiku la Mateyu Woyera, mwini dzina la tauni yathu, ndiponso la ana asukulu, la madokotala, la okondana, ndi loyamba la nyengo ya maluwa. Chaka chino awonjezerapo zina. Tauni yathu ikukwanitsa zaka zana. Gulu la malipenga likukwanitsa zaka makumi asanu. Nyumba ya kanema ija inatsekedwa kale, imene Amayi ankagulitsa mtedza wokazinga pakhomo pake, a meya aipaka penti kuti aonetsemo filimu yoyamba imene inaonetsedwa itangotsegulidwa. Makolo athu chilichonse ankachitsegula pa tsiku la woyera wa tauni, osaganiza kuti zidzaunjikana.

Ciprián amvekere apongozi ake anasankha dala kumwalira tsiku limenelo, chifukwa sankafuna kuti phwando lililonse liwapite. Ndinaseka, kenako ndinakalira kukhitchini.

Ndinayamba ndi ansembe. Ndisanamalize n'komwe anagwira mutu, amvekere, Fortunata, tsiku limenelo ndili ndi Misa ya Mateyu Woyera, ya a meya, ndi ya ana asukulu, kodi ukufuna ndidzing'ambe pakati ngati buledi? Anati tichite Lolemba lake, poti mayi ako ali kwa Mulungu ndipo kumeneko kulibe kalendala. Ndinayankha mwaulemu kuti kumeneko kulibe inde, koma kwa Bambo ilipo, ili pakhoma pamwamba pa wailesi. Ndinapitako mobwerezabwereza mpaka anatopa nane. Atipatsa Misa ya m'mamawa, dzuwa lisanatuluke, ndipo akuti ulaliki udzakhala waufupi ngati mchira wa mbuzi.

Kenako ndinamva kuti msewu wa kumanda udzatsekedwa chifukwa cha perete wa masukulu. Ndinapita ku ofesi ya tauni. Mlembi wa kumeneko sanadzutse n'komwe mutu, amvekere, mayi, akufa adikire, zaka zana sizibwera kawiri. Ndinamuuza kuti chaka choyamba cha maliro nachonso sichibwera kawiri. Sizinathandize. Ndiye tidzadzera njira ya kumtsinje, kuseri kwa kophera ng'ombe. Ndayendamo kale kukaona matope. Bambo adzakwera ngolo ya bulu ya a Nicanor.

Za oimba zinandisowetsa tulo. Ukudziwa kuti tikavula zakuda pamafunika nyimbo, amasiye avine, apo ayi mwambo sunathe. Koma malipenga onse adzakhala pa perete. Ndinapita kwa a Saturnino, mtsogoleri wa gululo, anzawo a Bambo aja a dzino limodzi. Amvekere, mwana wa Hilarión, tsiku limenelo tidzaliza mpaka milomo itatupa ngati ya ng'ombe, koma mayi ako anandidyetsa mtedza waulere kwa zaka zambiri. Akuti perete akamadzakhota pa ngodya yathu, oliza malipenga awiri ndi wa ng'oma adzazemba, adzaimba nyimbo imodzi pabwalo pathu, n'kuthamanga kukawapeza anzawo. Akuti a meya sadziwa kuwerenga malipenga.

Mipando yonse ya m'tauni abwereka a kanema, ndiye ndasonkhanitsa matabwa ndi njerwa. Ofulula mowa wa chicha onse analonjeza kale ku phwando la tauni, ndiye ndikufulula ndekha, chimanga ndaviika kale. Msuzi wa mtedza umene Amayi ankaukonda ndidzaphika. A Primitiva avomera kuti ndi amene adzativule zakuda ndi kutiwaza timapepala tamitundumitundu kumutu. Zovala zowala ndasoka za aliyense, ndipo yako ndi bulauzi yobiriwira. Ndayerekeza ndi thupi langa, n'kuchepetsa pang'ono m'mapewa.

Ukuona kuti chilichonse ndachipezera njira. Chatsala ndi iwe.

Bambo ndinawauza mawu ako ali pakhonde, akusankha mbewu ya mbatatesi. Sanasiye kusankhako. Anangofunsa kuti kodi mayi ako anamwalira mu Disembala? Ndinafotokoza za ntchito yako, za kutalika kwa ulendo, za ana. Amvekere, ine ndinabereka ana awiri, osati mmodzi ndi theka.

Atatero analowa m'nyumba, natsegula bokosi la Amayi, natulutsa shawelo yakuda yopindidwa bwino. Ine sindinkadziwa kuti ilipo. Anaigula tsiku la maliro lomwelo, akuyembekeza kuti ufika. Akuti munthu savula chimene sanavale. Akuti ubwere, uifunde pa Misa, ulire mayi ako pamanda, ndiyeno tivule tonse pamodzi. Ukapanda kubwera, palibe wovula m'nyumba muno mpaka tsiku ngati lomwelo chaka chamawa.

Ndinayesa kuwanyengerera. Ndinati ndidzanyamula shaweloyo pamkono m'malo mwako, ndi chithunzi chako. Anandiyankha kuti shawelo siilira. Ndinatuma a Saturnino, ndinatumanso ansembe. Onse anabwerako opanda kanthu. Ukuwadziwa Bambo. Sanalankhulanebe ndi a Nicanor kuyambira mkangano wa madzi othirira uja, ndipo za ngoloyo sindinawauze kuti ndi ya ndani.

Mwina ukuti, chaka china chovala zakuda chili ndi vuto lanji? Ine ndekha ndikanavala zaka khumi osadandaula. Khala pansi, mng'ono wanga.

Ukukumbuka Grover, mwana wa a Severina ophika buledi pafupi ndi msika? Anabwera ndi abale ake kudzapempha Delina, ndipo Bambo anavomera. Tinagwirizana kuti ukwati ukhale mu Okutobala, tikangovula zakuda, poti nyumba ya maliro siichita ukwati. Zonse zinali m'malo mwake.

Delina ali ndi pakati.

Ndinazindikira ndekha, nditaona kuti wasiya kudya msuzi wa mafuta ndipo akumagona masana. Nditamufunsa sanakane. Anagwada n'kundigwira miyendo, amvekere, Amayi, Agogo akamva adzati ndachita chipongwe pa maliro. Ndipo sakunama. Adzatero ndithu, adzamutulutsa pakhomo pano, ndipo Ciprián sadzatsegula pakamwa pamaso pa apongozi ake. Ukwati ukachitika mu Okutobala, Bambo adzawerenga miyezi pambuyo pake, adzakwiya, koma Delina adzakhala ali kale kunyumba kwa mwamuna wake.

Odziwa nkhaniyi ndi ine, Grover, a Severina, ndi iwe tsopano. Ciprián sindinamuuze, chifukwa akamwa makapu awiri a chicha amauza ndi agalu omwe.

Sabata yatha a Severina anandiitanira kuseri kwa uvuni wawo. Amvekere, asewele, ngati ndingakutchuleni choncho, ine mdzukulu sindimukana, koma zikumveka kuti kwanu simuvula chaka chino. Grover wapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Santa Cruz, ayamba mu Novembala. Akuti ukwati ukakhala mu Okutobala apita ndi mkazi wake, koma ukalephereka apita yekha, ndipo ku Santa Cruz kuli atsikana ambiri osavala zakuda. Ananena akumwetulira, akundipatsa buledi wotentha. Ndinalandira, ndinathokoza, ndipo ndinawauza kuti mng'ono wanga akubwera. Ndinanena motsimikiza, Casilda, ngati kuti tikiti ndaiona ndi maso.

Mnyamatayo amamukonda Delina, sindikukana. Koma mayi ake akayankhula iye amayang'ana nsapato zake.

Delina masiku ano sakhala nafe patebulo. Amaperekera chakudya atafunda shawelo mpaka m'mawondo, n'kukadyera kukhitchini. Dzulo Bambo anamufunsa kuti bwanji ukufundabe chonchi, chisanu chinatha, mapichesi sukuwaona? Anayankha kuti ali ndi chimfine. Bambo anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine.

Sindikukuimba mlandu chifukwa chosafika pa maliro. Uthenga unakupeza mochedwa, ndipo ndikudziwa kuti unalira wekha kumeneko popanda wokugwira dzanja. Ndikudziwanso kuti ukachoka pakati pa ntchito, pobwerera ukhoza kupeza wina atakhala pa makina ako. Sindikuchepetsa zimenezo. Ndaganizira kwambiri ndisanalembe. Zikatero, makina a Amayi alipo, ndimawathira mafuta mwezi uliwonse, ndi ako. Tidzasoka limodzi mayunifolomu a sukulu, ndipo Efraín ndidzamupepesa ndekha.

Ukabwera, ufike ku Cochabamba pasanadutse Lachitatu la sabata imeneyo. Kuyambira Lachinayi mabasi obwera kuno adzadzaza ndi ovina ndi ana asukulu, ndipo Lachisanu galimoto sadzazilola kupitirira pa mlatho. Usanyamule mphatso, usagule chilichonse. Ngati ana sungabwere nawo, asiye. Ukhoza kubwerera Lamulungu lomwelo. Ndikungopempha m'mawa umodzi wa moyo wako: ufunde shawelo, ugwade pamanda, a Primitiva akuvule, uvine nyimbo imodzi ndi Bambo.

Diresi lakuda la Delina ndalimasula m'misoko kawiri. Ulendo wachiwiri ndinatenga nsalu ya mumpendero n'kuika m'mbali. Iwe ndiwe wosoka, ukudziwa kuti kachitatu kulibe. Likhoza kumufikitsa pa tsiku la Mateyu Woyera, koma kupitirira apo ayi. Ndipo sindingapite kusitolo ya kuno kukagula nsalu yakuda pamene tauni yonse ikudziwa kuti tatsala pang'ono kuvula. Adzandifunsa kuti wamwaliranso ndani, ndipo dzuwa lisanalowe aliyense adzakhala atadziwa.

Choncho ngati sungathe kubwera, usavutike kundilembera zifukwa, ndipo usaimbe foni. Ungowapatsa a Primitiva nsalu yakuda yokwana diresi lalikulu, yokulungidwa bwino kuti asaone. Ndikaitsegula ndidzamva yankho lako, ndipo ndidzapita ndekha kukagwada pamaso pa Bambo n'kuwauza zonse.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Efraín, ndipo ana uwapsompsone m'malo mwanga. Delina akupereka moni, sakudziwa kuti ndakuuza. Mulungu akusunge, ndipo Amayi akuunikire njira kuchokera kumene ali. A Primitiva akubwerera pakatha masabata awiri. Ndidzakhala pa mlatho kudikira basi yawo, ndipo ndikupemphera kuti adzatsike opanda phukusi langa.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Fortunata Zurita de Almaraz