Abakha Athu Atafa

Lolemba, 5 Febuluwale 2024
Mvula osakata. Abakha enanso afa m'khola, makosi opindika, maso otupa. Bambo a Rozaria, amuna anga, awakwirira okha kuseri kwa nthochi, manja osavala kanthu. Ndinati tiitane alangizi a ziweto. Iwo akuti, "Ndi madzi oipa a kumpunga, zitha zokha." Imvi mutu wonse, makani osasintha.

Lachitatu, 7 Febuluwale
Bambo thupi moto. Chifuwa, kupuma mobanika. Phala angolawa. M'mawa ndinazemba kupita kwa Ruth, wa zaumoyo wa dera lathu. Nditangotchula za abakha, nkhope yake inasintha. Anaimba foni ku Dedza ine ndili pomwepo.
Bambo atamva anatembenukira kukhoma. "Wandiitanira anthu pakhomo, Felesita." Zinandiwawa. Koma andikwiyire ali moyo.

Lachinayi, 8 Febuluwale
Kwabwera galimoto. Anthu ovala zoyera kumutu mpaka kumapazi, mudzi wonse uli pamsewu kuonerera. Afukula abakha aja, apopera mankhwala m'khola, atipisa kathonje m'mphuno tonse awiri kuti akayeze.
Dokotala wa ziweto, a Hamidu, munthu waulemu, anandifotokozera mofatsa. Akuti kuli chimfine cha mbalame chomwe nthawi zina chimalowa mwa munthu. Mbalame zina zotera m'minda ya ku Bwanje zimachokera kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Chikapezeka kuti ndi chomwecho, uthenga upita mpaka kunja kuti maiko onse achenjere. Maiko onse, chifukwa cha khola lathu la nsungwi!
Bambo awatengera kuchipatala ku Mua, chipinda chaokha. Ine ndikhale pakhomo mpaka zotsatira zituluke. Pokwera galimoto sanandiyang'ane.

Lamulungu, 11 Febuluwale
Belu la tchalitchi ndalimvera pakhonde. Akuti pamsika wa Golomoti anthu asiya kugula nkhuku, ndipo ogulitsa akutchula dzina langa. Mayi a Tadala, oyandikana nafe, asiya ndowa ya madzi ndi nkhwani pampanda, n'kufuula ali patali, "Musadandaule amayi, munachita bwino!"
Masana nesi anawagwirizira bambo foni kukhutu. Mawu ang'onong'ono, ngati si awo. Funso loyamba: "Otsalawo wawapatsa gaga?" Ndinati inde. Kenako, "Nanga iwe wadya?"
Ndinalira nditadula.

Lachitatu la Phulusa, 14 Febuluwale
Chaka chino pachipumi palibe phulusa. Ruth amabwera m'mawa uliwonse kudzandiyeza kutentha, amaima pabwalo. Ndilibe vuto. Rozaria ku Lilongwe akufuna kukwera minibasi, ndamuletsa, ali ndi khanda. Udzu wadzadza mumpunga. Ndikaphika ndimayezabe ufa wa anthu awiri.
Dzulo bambo anawaika mpweya wa m'mphuno. Ambuye, ndisiyireni munthu wanga wamakaniyu.

Loweruka, 17 Febuluwale
A Hamidu abwera okha, osavala zoyera, ndipo andipatsa moni wa padzanja. Pomwepo ndinadziwa. Si chimfine chija. Abakha afa ndi matenda awoawo, bambo ndi chibayo, ndipo mankhwala ayamba kugwira.
Ndinapepesa kuti ndavutitsa anthu pachabe. Anakana. Akuti ntchito yawo imayamba ndi munthu wonena msanga, ndipo yankho loti "ayi" ndi lomwe amalipempherera.
Ndinangokhala pansi pomwepo.

Lachiwiri, 20 Febuluwale
Bambo abwera. Aonda, lamba aboola bowo lina. Anatsika njinga yamoto atandigwira phewa, anthu akuona, osachita manyazi. Za kukwiya kuja sanatchule, inenso ayi.
Panopa ali pampando pakhonde, akudzigwiragwira pachibwano. Ndevu zamera ngati chiputu, zoyera zokhazokha. Ayesa lezala, dzanja likunjenjemera. Akuti, "Felesita, tabwera undimete, koma usandidule khosi."
Chikwatiraneni sindinawametepo. Madzi afunda. Kaya ndiyambira mbali iti.