Chiuno cha Nkhungu

Lolemba, 5 Meyi

Nkhungu wakananso kukwera masitepe a pakhonde. Masitepe atatu okha. Kungoima pansi, kundiyang'ana, mchira ukugwedezeka ngati akupepesa. Galu wa zaka zitatu. Akathamanga, miyendo yakumbuyo ikudumphira limodzi ngati ya chule. Achimwene akuti anaterereka pasimenti, zitha zokha. Msana ukuwawa ndi kutsuka makola.

Lachinayi, 8 Meyi

Kwa dokotala wa ziweto. Anamugoneka ndi jakisoni, n'kumujambula mafupa. Chithunzi pagalasi lowala, iwo akuloza ndi cholembera. Mutu wa fupa la ntchafu umayenera kulowa bwino m'kabowo ka m'chiuno. Kwa Nkhungu kabowoko n'kosaya, fupa likungogwedera, kukhulana. Mbali zonse ziwiri. Ndinafunsa ngati ndi chakudya. "Ayi mayi, izi n'zakumtundu. Anabadwa nazo, ndipo akhoza kupatsira ana ake."

Ana ake. Asanu ndi awiri chaka chatha. Onse ndinagulitsa, aliyense ndi pepala lotsimikiza mtundu wake, ine n'kusaina pansi.

Loweruka, 10 Meyi

Ndatsegula bokosi la malemu bambo. Ndi iwo anayamba kuweta agaluwa, n'kutisiyira ine ndi achimwene. Mapepala onse alimo, ndi chithunzi cha Mphezi, agogo ake a Nkhungu, uja ankabwera ndi zikho kumipikisano. Ndakumbuka mmene ankavutikira podzuka, bambo n'kumati ndi ukalamba. Papepala, anali ndi zaka zinayi zokha. Ndawerengetsa kawiri. Ndiye bambo anamukweretsa kwa mwana wake yemwe, ati mtundu usasokonekere. Kaya ankadziwa, kaya. Ndikawafunsa kuti?

Lachiwiri, 13 Meyi

Nthawi ya Nkhungu yofuna wamphongo yayandikira. Achimwene anapangana kale ndi mwini galu wina, anthu anayi akudikira ana. Tinakangana kumakola, agalu onse akuuwa. "Achemwali, chithunzi chimenecho wachiona ndani? Inu ndi dokotala basi. Ndiye tizidya chilungamo?"

Chakudya cha agalu chakweranso mtengo. Mankhwala a ululu nawonso. Pamenepo sindingawatsutse. Koma mutu, mutu.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndaimbira onse amene anagula ana aja. Awiri sanayankhe. Wapolisi wopuma ntchito wandidulira foni. Awiri angoti amva. Mayi wogulitsa mankhwala akuti wake ali bwinobwino, ndisamuchitire malodza.

Omaliza anali aphunzitsi ena, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako: "Oho, n'chifukwa chake. Mtsikana wanga amachita kumunyamula pokwera galimoto, ife timangoti ndi ulesi." Ndinati amubweze, ndiwabwezere ndalama zawo. Akuti galuyo amagona kumapazi kwa mwanayo, abweze chiyani? Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 28 Meyi

Masiku apitawa dzanja linkakana cholembera.

Opaleshoni inachitika sabata yatha. Nkhungu sadzaberekanso. Ndinamutenga ndekha, achimwene ali kutauni. Atamva sanatukwane. Anangotenga agalu awo awiri, bokosi la bambo, ndi chikwangwani cha pageti chokhala ndi dzina la banja lathu. Pageti patsala mabowo anayi a misomali.

Makola ali mbee. Ntchito yachepa, kutopa ayi. Ndayala makapeti akale pasimenti kuti asamaterereke. Dokotala akuti aonde pang'ono, chiuno chipepukidwe, ndiye ndamuchepetsera chakudya. Akamaliza amanyambita mbale mpaka kuikankhira kumapazi kwanga.

Lamlungu, 1 Juni

Alamu anga, akazi a achimwene, anafika m'mawa, akuti akungodutsa. Sanakhale pansi. Ali chiimire pakhomo: "Musawauze kuti ndakuuzani. Lachisanu anapita nawo agalu awo onse awiri kokajambulitsa mafupa. Atabwerako anakhala m'galimoto mpaka chakudya kuzizira." Ndinafunsa zotsatira. Akuti mmodzi alibe vuto. Za winayo anangopukusa mutu.

Ndimayesa ndikondwera kuti ndinanena zoona. Ayi ndithu. Galu ameneyo achimwene anamulera ndi botolo mayi ake atafa.

Tsopano galimoto ya achimwene yaima pageti. Injini sanazimitse. Sakuliza hutala, sakutsika. Ndawerenga mpaka makumi asanu, adakali momwemo, manja pachiwongolero.

Nsapato zanga zili kuti