Banga la pa Thalauza la a Chimphepo

Lachinayi, 5 Juni

Kiriketi ya maiko yayambanso pa kanema. Masiku asanu a phokoso pabalaza. Bambo a kwathu pampando wawo, achimwene pampando wanga, ine pakona ndi simbi. Kuntchito tsiku lonse kuchapa ndi kusita za eni, kunyumba kusitanso.

Mkangano womwe uja: woponya mpira waliwiro woposa onse padziko ndani. Maina awo enieni amandipota lilime, ndinawapatsa anga. Alipo Chimtali, mpira wake umadumpha mpaka pachibwano cha womenya. Alipo Mamanzere, wake umakhota m'malere ngati wakumbukira kuti wasiya chitseko chosatseka. Ndiye Agogo. Zaka 38, liwiro linatha kalekale, amangoika mpira pamalo amodzimodzi mpaka womenya atatopa nawo n'kulakwitsa yekha.

Bambo ali mbali ya Chimtali. Akuti, "Agogowo apite akalere zidzukulu." Achimwene, omwe ndi kaputeni wa timu imene bambo amasewera Loweruka, anangoti, "Alamu, aliyense ali ndi ntchito yake." Ananena akuyang'ana pansi. Sindinamvetse.

Lachisanu, 6 Juni

Mnzanga wapamakina anandifunsa chifukwa chake Lolemba lililonse zala zanga zimakhala zosupuka. Ndinamufotokozera. Woponya amapukuta mbali imodzi ya mpira pantchafu kuti iwale, mpirawo uzikhota. Mpira wofiira, thalauza loyera. Amene anayambitsa zimenezi sanachapepo ngakhale mpango.

Zaka 17 ndikulimbana nalo banga limeneli. Kubwalo bambo amawatcha Chimphepo, ndipo ndi iwo amayamba kuponya mpira ukadali watsopano. Kwa iwo ulemu woposa pamenepa palibe. Kwa ine, mpira watsopano ndi umene umasuluka kwambiri. Ntchafu yakumanja, kuchokera m'chiuno kutsika, ndikhoza kulijambula nditatsinzina. Likakhala lalitali ndimadziwa kuti aponya tsiku lonse ndipo abwera akuimba.

Bondo lakumanzere likuwavuta. Masitepe akutsika cham'mbali ngati nkhanu. Ndikawayang'ana amayamba kuimba mluzu.

Lamlungu, 8 Juni

Thalauza la dzulo loyera mbee. Ndinalitembenuza kawiri. Thukuta pang'ono, udzu kumatako basi, wa munthu wokhala pansi.

Ndinafunsa kuti zayenda bwanji. "Ndagwetsa omenya atatu, mayi. Wachitatu anachita kuthawa yekha." Atatu, ndi thalauza la mkwati?

Mpaka masana mutu unali kwina. Ngati sakupita kubwalo, Loweruka amathera kuti? Ndinafika powerenga akazi onse a mumsewu muno. Kenako ndinatembenuza nsapato zawo: dothi la kubwalo lomwe lija, lomata. Ndiye amapitadi. Mtima unakhala pansi theka, theka linalo likadali chiimire.

Lachiwiri, 10 Juni

Masewero a pa kanema anatha dzulo. Chimtali anagwetsa awiri tsiku loyamba, dziko lonse kukuwa, tsiku lachitatu msana. Anamaliza atakhala panja atavala juzi. Mamanzere ndi woopsa kumwamba kukakhala mitambo, dzuwa likawala ndi munthu wamba ngati ine. Agogo ndiye anasenza ntchito yonse, kuponya masana dzuwa lili pamutu anzawo akupuma. Anagwetsa anayi.

Bambo akuti, "Amadya zotsala za anzawo." Ananena mokalipa, ngati Agogowo anawabera nkhuku.

Achimwene sanabwere. Ndinawaimbira foni kuwafunsa za thalauza. Anatsokomola, n'kunena kuti, "Funsa amuna ako, chemwali," foni thi. Amuna awiri kusunga chinsinsi chimodzi, onse osadziwa kunama.

Lamlungu, 15 Juni

Banga labwerera. Nditaliona m'dengu ndinasangalala ngati ndaona m'bale. Kenako mphuno inandiuza zina.

Polishi wapansi. Wanga, wofiira, wa pakhonde. Chitini anachibweza pashelefu chivindikiro chitapendama, mkati muli chidindo cha zala ziwiri. Komanso anapaka ntchafu yakumanzere. Ayenera kuti analigwira thalauzalo likuwayang'ana, n'kusokoneza miyendo. Zaka 17 kumanja, lero kumanzere, ndiye n'kupatsa mkazi amene ntchito yake ndi mabanga.

Ndinaseka mpaka kukhala pa ndowa. Kuseka kuja sindikudziwa kunathera pati, ndinangopeza ndikulira. Munthu wa zaka 44, imvi m'ndevu, kudzitsekera m'bafa kupaka thalauza polishi kuti ine ndisadziwe. Zandipweteka. Osati bodzalo, koma kuti akuona ngati ndinakwatiwa ndi liwiro.

Polishi sachoka pa nsalu yoyera. Thalauza latha, ndipo atsopano masiku ano mtengo wake ndi wosayamba.

Lachitatu, 18 Juni

Nthawi ya nkhomaliro ndinalowa m'shopu ya achimwene. Ndinaika thalauza pakauntala pakati pa misomali ndi maloko. Anaulula okha.

Mpira watsopano anaupereka kwa Makaniko, mnyamata wa pagalaja, zaka 23, amathamanga ngati akumuthamangitsa. Achimwenewo anapempha bambo kuti aziponya pakati pa masewero, mpira utakalamba, pamene pamafunika mutu osati miyendo. Bambo anakana. Akuti, "Chimphepo sadya makombo." Ma Loweruka awiri akhala pa udzu kunja kwa mzere, kuombera anzawo m'manja.

Achimwene akuti, "Loweruka lino akakananso ndilemba wina, chemwali. Sindingasunge malo a munthu wokhala pansi." Ndinawanena pang'ono kuti akumbukire amene anawaphunzitsa kugwira mpira. Koma akunena zoona.

Ndili ndi mantha. Atate anga ondibereka atapuma ntchito ndinawaona mmene anafotera pampando chaka chimodzi chokha. Bambo opanda Loweruka lawo sindikuwafuna m'nyumba muno. Banga lija ndalitukwana zaka zonsezi, lero ndikulisowa.

Lachisanu, 20 Juni

Masewero achiwiri pa kanema. Chimtali kulibe, msana uja. Mamanzere anayamba ndi mnyamata wina watsopano, onse phokoso lambiri, osagwetsa aliyense. Agogo anaitanidwa mochedwa, mpira utakhala ngati mbatata yogonera. Sanakwiye, sanathamange. Kuupukuta mbali imodzi modekha, kuuika pomwe paja. Dzuwa lisanalowe anali atagwetsa asanu.

Ndinauza simbi yanga mokweza kuti mkulu ameneyu alibe manyazi, makombo onsewa kudya yekha.

Titadya ndinayala pabedi thalauza lawo lakale, lomwe ndalikulitsa m'chiuno osawauza. Pamwamba pake ndinaika mpira wakale wa pamwamba pa wadirobu, ndi chitini cha polishi. Ndinati, "Mawa mutenge chimodzi, bambo. Mukasankha polishi, ntchafu yake ndi yakumanja."

Anatuluka kukayang'ana njinga yomwe ilibe vuto lililonse. Mwina ndapyoza muyeso. Mwamuna ukamugwira bodza umafunika kumusiyira kakhomo kotulukira, ine ndatseka ndi mawindo omwe.

Loweruka, 21 Juni

Achoka osatsanzika. Tiyi wasiyidwa theka. Pabedi palibe mpira, palibenso chitini. Atenga zonse ziwiri. Munthu ameneyu.

Kuntchito ndapsereza kolala ya shati ya eni. Koyamba m'zaka zisanu.

Lamlungu, 22 Juni

Dengu ndalizungulira katatu ndisanalitsegule. Ndinayamba ndi mphuno. Thukuta, udzu, chikopa.

Ntchafu yakumanja. Kabanga kochepa, kofiirira mothimbirira, poti mpira wakale ulibe utoto wambiri wotaya. Koma ndi kalitali, kafika mpaka pabondo. Akuti agwetsa mmodzi yekha. Uyu ndamukhulupirira, bodza lawo limayambira pa atatu.

Chitini ndachipeza pakhonde, chopanda kanthu. Khonde alipaka okha, likuwala mpaka m'makona, koyamba chikwatirane. Nditafunsa anangoti, "Ndinangochitengera kuti mwina, mayi," maso ali kudenga.

Panopa ali pabalaza, mwendo pa kampando, nsalu yotentha pabondo. Akuwafotokozera achimwene kuti Agogo ndiye woposa onse padziko, ndipo iwo akhala akunena zimenezi kuyambira kale, kungoti anthu m'nyumba muno samva. Achimwene akuvomera zonse.

Madzi ndi sopo zili kale m'beseni, zikuzizira. Thalauza likadali pamiyendo panga.