Nsanza za pa Mawaya a Thirakitala

KALABU YA ALIMI A THONJE YA TIYESE, TENGANI
Tsiku: Loweruka, 19 Okutobala 2024
Malo: Pashedi ya thirakitala
Analipo: Bambo Simoni (wapampando), Mayi Evelesi (mlembi), Bambo Howard, a Chance (makaniko wa ku Bangula), Mayi Esinala (mkazi wa malemu Saulos, dalaivala wathu)
Sanabwere: Bambo Fumbani (mbuzi zawo zasowa)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero 2 koloko. Anati thirakitala ikapanda kulira sabata ino, minda ya mamembala khumi ndi awiri ikhala yosalima. Mlembi anakumbutsa kuti mitambo yayamba kale kuoneka cha ku Mozambiki.

2. Lipoti la makaniko
A Chance anati batire ili bwino, mafyuzi ndi amoyo, koma akapotoza kiyi sitata siikuyankha. Anati madzi osefukira atapita, malemu anaika mawaya atsopano, onse akuda. A Chancewo anawamasula kuti apale dzimbiri, ndipo pobwezera waya mmodzi watsala wopanda kwake. Anafunsa ngati panalibe zizindikiro.

3. Nkhani ya nsanza
Bambo Howard anavomera kuti pamawayapo panali timansanza tomangamanga. Anachotsa timansanzato maliro a Saulos atatha poganiza kuti ndi zithumwa. A Chance anati, "Achimwene, chithumwa cha pa sitata munachionapo kuti?" Wapampando analetsa kuseka. Bambo Howard anabweretsa chitini chimene anasungamo nsanzazo podikira abusa.

4. Mawu a Mayi Esinala
Mayi Esinala anayala nsanzazo pamwendo. Anazisalaza imodziimodzi, mpaka mlembi anaopa kuti talakwa kuwaitana. Kenaka anati amuna awo sankadziwa kuwerenga, choncho ankang'amba zitenje zakale za mayiwo. Yofiira inali ya ku batire, yachikasu ya ku magetsi. Ananyamula yobiriwira n'kunena kuti, "Iyi ndi ya chitenje chimene anandigulira pondifunsira. Waya wake umapita kunsi kwa mpando. Kuli kaswichi kobisika, ankaopa ana."
A Chance anagwada, anakapeza, analumikiza. Thirakitala inalira 3:40.

5. Zina ndi zina
Bambo Howard anapepesa ndipo anamanganso nsanza zonse ndi manja awo. Wapampando atafuna kuzimitsa injini, Mayi Esinala anapempha kuti, "Isiyeni ilire mpaka ndikafike kunyumba. Ndinkaimva ndili pakhonde, n'kudziwa kuti nditereke madzi osamba." Mlembi anali ndi nkhawa ya dizilo. Komabe onse anavomera.

6. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 2 Novembala, kukambirana zopeza dalaivala wina. Palibe anatchula dzina.

7. Kutseka
Tinadikira mpaka mayiwo anabisika kuseri kwa mlambe, tinawonjezera mphindi khumi. Wapampando anazimitsa injini 4:25, msonkhano n'kutha.

Wapampando: Simoni Nyakamera
Mlembi: Evelesi Thom